Makala Anjala a Fayamani Thole

Mukafika pa Mzimba boma n'kufunsa za a Bestone Thole, anthu amayamba akanda kaye m'mutu. Koma mungoti a Fayamani, ngakhale mayi wogulitsa tomato pamsika aimirira n'kukulozerani njira: mutsike cha kumunsi, mudutse chigayo, mukamva munthu akulankhula ngati akuitana wina kutsidya la mtsinje, ndiye kuti mwafika. Ndi bambo wamfupi, wa mikono yolimba, wopanda nsidze. Nsidzezo zinapserera kalekale ndipo zinakana kumeranso.

Anabadwa m'chaka cha 1956 m'mudzi wina kuseri kwa Manyamula. Sukulu anaiyamba bwinobwino ku Embangweni, koma inathera mu Sitandade 5, pamene bambo awo anaona kuti ng'ombe zikusowa mbusa kuposa m'mene mwana akusowera Chingerezi. Atakwana zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu anakwera lole ya ku esiteti ina ya kumalire ndi Kasungu, kumene ankalima fodya wa fulu, uja wochita kuumitsa ndi moto m'mabalani. Anayamba ndi kusenza nkhuni. Chaka chachitatu anapatsidwa ng'anjo, ndipo dzina la Bestone linathera pomwepo.

Ntchito ya fayamani anthu amaiona ngati yongoponya zikuni pamoto. Ayesere! Fodya amalowa m'balani ali wobiriwira, ndipo kwa sabata yathunthu moto uyenera kukwera pang'onopang'ono. Ukafulumira, tsamba limauma lisanasinthe mtundu. Ukachedwa, limawola. Ukapitirira muyeso, balani yonse imayaka ndi thukuta la anthu la chaka chathunthu. M'balanimo munkapachikidwa kachipangizo koyezera kutentha, koma a Thole ankakayang'ana pongofuna kuona ngati kakunena zoona. Iwo ankayeza ndi tsaya. Kwa zaka makumi atatu sanapsereze balani n'imodzi yomwe, ndipo zimenezi akuuzani musanafunse n'komwe. Chichewa chawo anachitolanso komweko kwa matenanti a ku Dowa ndi ku Mchinji, ngakhale mpaka lero chimatuluka chikununkhira Chitumbuka.

Mitengo itatha m'deralo, esiteti inasiya fodya wa fulu, ndipo a Fayamani anabwerera ku Mzimba ndi njinga, wailesi ndi luso lopanda wolifuna. Palibe chowawa ngati chimenecho. Munthu wodziwa moto wa mitundu yonse anayamba kumangokhala pansi pa mango, n'kumadzudzula akazi awo, a NyaSoko, kuti sakusonkheza bwino pa mafuwa.

Ana aamuna anali nawo awiri, ndipo onse anawatenga ndi Joni, monga amachitira ndi anyamata ambiri a ku Mzimba. Sam anabwerako ali m'bokosi. Allan anayamba bwino: anagula puloti m'tauni, namanga nyumba ziwiri, yakutsogolo ya makolo, yakumbuyo yake ndi mkazi wake. Kenaka foni inayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenaka inaleka. Anthu amati anatchona, ena amati anakwatirako. A Thole dzina lake analeka kulitchula.

Amene anagwira banjalo ndi mkazi wa Allan uja, Esme, NyaHara wa ku Euthini, mayi wa ana awiri, wamtali, wosalankhulalankhula. Anaphunzira kunyika nsalu kwa mayi wina ku Mzuzu, ndipo anaona chinthu chimene ena ankangochidutsa. Amayi a Umanyano, aja kwina amati a Mvano, amavala siketi yakuda, koma dzuwa la ku Mzimba silichedwa kuisandutsa yofiirira, ndipo palibe mayi amene amafuna kuima kutsogolo pamsonkhano ndi siketi yooneka ngati yachita dzimbiri. Esme anayamba kuzidetsanso. Zinkabwera za ku Embangweni, za ku Euthini, za ku Jenda, zitamangidwa m'mitolo. Pambuyo pake anawonjeza mayunifolomu a kwaya ndi nsalu zamaluwa, nalemba amayi atatu omuthandiza.

Pakati pa nyumba ziwirizo panali mpanda wa udzu, ndipo a Thole mpandawo anali asanaudutsepo kwa zaka khumi ndi ziwiri. Sikuti panali udani. Ndi ulemu. Kwawoko mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako wamwamuna, salankhula maso ndi maso ndi apongozi ake aamuna. Akakumana panjira amapatuka n'kugwada cha patali. Mawu onse amadzera mwa apongozi aakazi. A Thole mwambowu ankausunga monyadira, ndipo mkamwana wawoyo ankamukonda kwambiri, kungoti mawu ake ankawadziwa pomumva akuitana ana.

Vuto linabwera ndi abakha. Madzi otsala ponyika nsalu, akuda bii, oterera ndi soda, ankatsikira m'khwawa kuseri kwa puloti, ndipo kumunsi kwake kunali dimba la a Gordon Ngulube. Tsiku lina abakha oyera a bambowo anabwerera kwawo ali ofiirira ngati bilinganya. Anthu anaseka mpaka kugwira m'nthiti, koma a Ngulube sanaseke, chifukwa mpiru wawo unali utayambanso kupserera m'mphepete mwa ngalande. Anakadandaula ku boma, ndipo kunena zoona anali ndi chifukwa.

Amene anabwera ndi Mayi Immaculate Chimphepo, woona za ukhondo, mtsikana wa ku Dowa wovala nsapato zagumbutsi. Analowa kuseri kwa mpanda n'kukakhala ndi Esme. A Thole anasendeza mpando wawo kufupi ndi udzu, ati akuthawa dzuwa.

"Mayi, ngakhale muli ndi madiramu anayi okha, iyi ndi fakitale," anatero Mayi Chimphepo. "Madzi a m'fakitale satayidwa m'khwawa osatsukidwa. Ndikukupatsani masiku makumi atatu. Ndikadzapeza akutuluka chonchi, ndidzatseka."

Mawu akuti fakitale anawakomera a Thole mpaka anayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati oyandikana nawo amva. Koma akuti kutseka anawalasa, chifukwa a NyaSoko anali atawanong'oneza kale kuti mkulu wake wa Esme wamupezera ntchito ya m'nyumba ku Joni, ndipo malo m'galimoto ya amatransipota alipo Loweruka lomaliza la mweziwo. Ntchito ya nsalu ikatsekedwa, Esme apita. Msewu umene unadya Sam ndi Allan udyanso iyeyu, ndipo adzukulu adzakula akuyang'ana foni.

Kuseri kuja Esme anafunsa chapansipansi ngati pali njira yotsukira madziwo.

"Ilipo," anayankha Mayi Chimphepo. "Mafakitale akuluakulu amasefa ndi makala. Koma si makala ophikira awa ayi. Amawanyika mu soda ngati amene mumagwiritsa ntchitoyu, n'kuwawotchanso kachiwiri m'chitini chotseka, mpweya usalowe. Akatero m'kati mwake mumachita tizibowo tambirimbiri tosaoneka ndi maso. Madzi akamadutsa, utoto umakanirira m'tizibowomo, madzi n'kupitirira okha. Amapezeka ku Blantyre, ochokera kunja, koma kuwapeza kwake ndi ntchito."

Kutchula moto pafupi ndi a Thole kuli ngati kuwaza chimanga pafupi ndi nkhuku. Anadzambatuka, mpando n'kugwera uko.

"Amama a boma!" anakuwa pamwamba pa mpanda. "Ndapota, chonde, moto wake wakuti uli? Wofiira ngati njerwa, panji ngati dzuwa likamalowa?"

Mayi Chimphepo anadzidzimuka, nasuzumira. "Chitsulo chifiire ndithu, bambo, ndipo chikhale choncho ola lathunthu."

"Ola limoza pera? Ine moto ndausunga sabata yathunthu! Mbwenu nkhani yamala. Makala anjala amenewo tipanga konkuno."

Dzina limenelo linakhala lomwelo. Makala wamba ndi okhuta, iwo ankatero, koma awa ndi anjala, adya utoto.

Mukanawaona sabata imeneyo! Mitengo anakana kudula, ati anaona ndi maso awo m'mene esiteti inametera mapiri. Anakwera njinga mpaka ku Manyamula, n'kubwerako atamanga matumba a zitsononkho mpaka iwo osaoneka. Anamanga ng'anjo ya njerwa pansi pa mango paja, nabwereka mvukuto kwa wosula makasu. Zitsononkho anaziwotcha m'diramu mpaka zinasanduka makala, makalawo anawanyika mu soda atavala magolovesi ofika m'zigongono, nawayanika, nawathira mu mphika waukulu wachitsulo, namata chivindikiro ndi dothi la pachulu. Ndiye anayamba kupopa mvukuto uku akuimba nyimbo za ingoma. Mphika utafiira anavina okhaokha, fumbi koboo, a NyaSoko n'kumangopukusa mutu.

Makala atazizira, anawatsuka n'kuwathira mu ndowa. A NyaSoko anasenza ndowayo kupita nayo kuseri kwa mpanda, kumene Esme anali atakonza madiramu monga anauzira Mayi Chimphepo: loyamba loti madzi adikhe, lachiwiri la mchenga ndi timiyala, lachitatu la makala. A Thole anatsala kuno akuzungulira mtengo wa mango.

Patapita nthawi a NyaSoko anatulukira, naitana amuna awo mwa chikwawo kuti bambo wa Allan. "Awiske Allan, mkamwana akuti yewo chomene. Akuti makala ali makora, ali bwino."

"Makora chomene, panji makora waka?"

"Makora."

Anawotcha ena. Yankho linabwera lomwelo. Ulendo wachitatu a Thole anati akufuna kuona ndi maso awo, ndipo a NyaSoko anabwera ndi botolo la madzi oyera mbee. A Fayamani analikweza kudzuwa, analigwedeza, analipsompsona. Botolo limenelo linayenda tauni yonse ya Mzimba m'thumba la jekete. Linafika kumsika, linafika kometa tsitsi, linafika pa geti ya tchalitchi, ndipo aliyense amene analakwitsa kupereka moni anamva za tizibowo tosaoneka ndi maso kuyambira pachiyambi. Anthu ena anayamba kuwoloka msewu akawaona.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi, analipititsa kwa a Ngulube, mwini abakha uja, kuti akamutseke pakamwa. A Ngulube analiyang'ana botololo, nawayang'ana iwo, ndipo nkhope yawo inali ya chisoni, osati ya mkangano.

"Ada Thole, botolo lanu ndaliona. Tsopano tiyeni mukaone khwawa."

Anadzera njira ya kumunsi mpaka kuseri kwa puloti, kumene paipi ya diramu lachitatu inkatulukira pansi pa mpanda. Madzi ankadontha pamenepo anali otuwa mofiirira, ngati otsukira mphika wa nyemba. Anali atachepako mdima, inde, koma palibe woona za ukhondo amene akanawavomera. A Thole anawerama n'kuwayang'anitsitsa. Kenaka anatsegula botolo lawo lija, nalinunkhiza, nalawa pang'ono. Kukoma kwa dzimbiri kumeneko ankakudziwa bwino. Anali madzi a pa mjigo wa pafupi ndi chigayo, omwe ankamwa tsiku ndi tsiku.

Anabwerera kunyumba osakuwa, ndipo a NyaSoko atangoona zimenezo anadziwa kuti zavuta. Anaulula okha. Botololo anatunga ndi iwo. Esme ulendo uliwonse ankanena kuti makala sanagwire bwino, koma ankawonjeza kuti Adada asauzidwe choncho. Mkamwana angatumize bwanji mawu kwa apongozi ake aamuna akuti ntchito yawo yalephera? Akanamuona bwanji anthu?

"Komanso munayamba kudya, awiske Allan," anatero a NyaSoko. "Munayamba kuimba. Tinati tikulandeninso chimenecho?"

A Thole anachita manyazi oopsa, ndipo manyaziwo anasanduka mkwiyo, koma anasowa womukwiyira. Akazi awiriwo sananame chifukwa chowapeputsa. Ananama chifukwa chowalemekeza, ndipo ulemu umenewo unali utadya masabata atatu mwa anayi. Anakhala pa mpando wawo nthawi yaitali akuyang'ana mpanda wa udzu uja.

Kenaka anadzuka n'kuyamba kuthamangitsa nkhuku. Mwambo womwewo uli ndi khomo lake: apongozi akafuna kuti mkamwana azilankhula nawo momasuka, amamupatsa mphatso pamaso pa mboni. Ambiri amachita zimenezi akakalamba, akafuna wowapatsa madzi pa mphasa. A Thole anagwira msoti wawo wamawangamawanga, nauza a NyaSoko kuti ayale mphasa pa mpata wa mpanda, aitane NyaHara.

Esme anabwera nagwada cha patali, nkhope atalozetsa kumbali, manja ake akuda mpaka m'zigongono. Amayi atatu omuthandiza aja anasiya ntchito n'kumasuzumira.

"Mkamwana," anayamba a Thole, ndipo mawu awo, kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Mzimba, anatuluka aang'ono. "Nkhuku iyi njako. Kuyambira lero undiyang'ane kumaso. Ine moto ndimaudziwa, kweni m'kati mwa diramu lako mulibe maso anga. Maso anga ndiwe. Chikakhala chiheni, choipa, unene kuti n'chiheni. Ndapota, mwana wane."

A NyaSoko analandira nkhuku n'kukaiika m'manja mwa Esme. Iye anaipanira m'khwapa, nawomba m'manja mwaulemu. Kenaka anatembenuka, nawayang'ana, ndipo mawu oyamba amene ananena kwa apongozi ake patatha zaka khumi ndi ziwiri anali awa:

"Adada, makala anu ngaheni."

Mmodzi mwa amayi aja anagwira pakamwa. A Thole anasendera pafupi. "Yowoya," anatero. "Pitiriza."

Esme anadzuka n'kulowa m'nyumba, natuluka ndi lichero lodzaza timabotolo. Kani ulendo uliwonse ankatapa makala pang'onopang'ono, n'kuwathira m'botolo la madzi a utoto, n'kugwedeza, n'kudikira. Botolo lililonse analimanga kansanza pakhosi kuti asasokoneze. Anawandandalika pa mphasa.

"Makala amene amabwera ataphwanyikaphwanyika, opepuka, aja okhala m'mbali mwa mphika, taonani." Madzi a m'mabotolo amenewo anali oyera. "Kweni akuluakulu a pakati, taonani." Amenewo anali akuda ngati sanakhudzidwe. "Abwino ndi ochepa, oipa ndi ambiri. Ndiponso zibenthu n'zazikulu, madzi amangodutsa m'mipata akuthamanga. Afunika kusinja, afanane ndi mpunga. Komanso simukutsuka mokwanira, Adada. Amafika akuterera ndi soda."

A Thole anagwada pa mphasa n'kumanyamula botolo ili, botolo ilo. Manyazi onse anauluka.

"Moto sukufika pakati!" anakuwa. "NyaSoko, wamva? Mphika ngukulu chomene! Kunja kwapsa, m'kati muli mbatata yaiwisi! A Fayamani, zaka makumi atatu, kulephera kuona chimenecho!"

Anathamangira kuseri kwa nyumba yawo n'kuyamba kugwetsa ngalande ya madzi a mvula. Ngalandeyo inali paipi yachitsulo yochindikala, yaitali, yopapatiza, imene anachoka nayo ku esiteti balani yawo itagumulidwa. M'paipi yopapatiza chotero, moto ulibe pakati poti upalephere. Anaidula pawiri, naitseka ndi dothi mbali zonse kusiya kabowo kotulukira utsi, naigoneka m'ng'anjo kuti aziitembenuza ngati chimanga chowotcha.

Masiku otsalawo pa pulotipo panali ngati pa ukwati. Mpata wa mpanda unakula wokha ndi kudutsadutsa. A Thole ankawotcha, amayi aja ankasinja mu mtondo nsalu zili kumphuno, Esme ankatsuka mpaka kuterera kuthe, n'kugwedeza timabotolo take. "Awa ndi pakatikati, Adada, onjezani moto." A Thole n'kupopa. "Awa mwapsereza, theka ndi phulusa, dothi linang'aluka." A Thole n'kumata mwatsopano, uku akudzitukwana mosangalala. Munthu amene moyo wake wonse sankalola kuuzidwa za moto anayamba kufunsa yekha kuti, "Nanga awa, mkamwana?" Ulendo wachisanu ndi chimodzi Esme anagwedeza botolo, nadikira, nalikweza. Anangomwetulira, ndipo a Fayamani analumpha ndowa ziwiri ndi miyendo ya zaka makumi asanu ndi awiri.

Anadzaza diramu lachitatu, Esme nachepetsa mpopi kuti madzi azitsika modekha. Anathira ndowa ya madzi akuda bii pamwamba. Onse anaunjikana pa paipi, ngakhale a Ngulube anabwera. Dontho loyamba linachedwa ngati mvula ya Okutobala. Litagwa, a NyaSoko analuluta.

Lachisanu Mayi Chimphepo anafika ndi gumbutsi zawo. Sanakhulupirire za m'ndowa, ndipo anachita bwino. Anatunga okha madzi akuda, anathira okha, anakhala pa njerwa n'kudikira. Atatuluka anawakweza kudzuwa, naviikamo kapepala koyezera soda, nagwedeza mutu movomereza. A Thole, chimwemwe chitawakwera m'mutu, anatunga kapu kuti amwe pamaso pa anthu onse. Esme anawalanda kapuyo asanaifikitse pakamwa.

"Amayiwa achita bwino," anatero Mayi Chimphepo akuseka. "Kuyera si kumweka, bambo. Awa ndi opita m'dzenje la miyala, osati m'mimba. Ndipo makala anuwa akakhuta adzaleka kugwira, muzidzasintha. Okhutawo musaphikire, musunge m'diramu lotseka, ndidzakuuzani kotaya." Anadzaza timabotolo tiwiri n'kutimata. "Maso anga akhutira, koma maso sagamula. Awa apita kokayezedwa ku Mzuzu. Zotsatira zibwera pakatha masabata awiri. Pakadali pano gwirani ntchito, sinditseka. Koma zikabwera zoipa, musadzandide."

Anthu anabalalika akuyamikira, a Ngulube anagwira a Thole chanza, koma a Fayamani chimwemwe chinali chitaphwa. Masabata awiri! Galimoto ya ku Joni inali yonyamuka mawa lake, ndipo amatransipota sadikira za ku Mzuzu. Esme anayenera kusankha pakati pa ntchito yotsimikizika kutali ndi madiramu anayi amene mwina adzatsekedwa. A NyaSoko anali ataona chikwama chili chomangamanga kuchipinda, ndipo amayi atatu aja anali atauzidwa kale kuti Loweruka asabwere. Tsopano a Thole anali ndi ufulu wolankhula ndi mkamwana wawo chilichonse, koma funso limodzi limeneli linawakanika. Ankaopa yankho. Komanso akanamuletsa ndi nkhope yanji, mwana wawo yemwe ndi amene anamusiya?

Loweruka m'mamawa anatenga njinga n'kunena kuti akukasaka zitsononkho ku Manyamula. Zitsononkho zinalipo kale matumba anayi. Anadzera njira yolambalala depoti kuti asaone galimoto iliyonse yokoka ngolo. Ku Manyamula anachedwa dala. Anacheza ndi anthu amene sankawakonda n'komwe, anathandiza wina kumata tayala, ndipo kwa tsiku lonse sanatchule makala. Msuweni wawo anawafunsa ngati akudwala.

Dzuwa litapendeka anabwerera. Atafika pa chigayo anatsika njinga n'kumaikankha, maso ali kunyumba. Pa chingwe choyanikira panalibe nsalu n'imodzi yomwe. Utsi kunalibe, phokoso la mtondo kunalibe. Anatsamiritsa njinga pa mango, matumba osamasula, nayenda pang'onopang'ono mpaka pa mpata wa mpanda.

Esme anali ataweramira m'bafa lalikulu, chitenje atamanga m'chiuno, akulimbana ndi nsalu yakuda yaitali, mpukutu wathunthu wa masiketi a kwaya, yolemera ndi madzi moti munthu mmodzi sakanatha kuifinya. Anadzutsa mutu.

"Mwachedwa, Adada. Ndakhala ndikudikira munthu wa mikono kuyambira m'mawa. Gwirani uko."

A Thole anagwira nsonga ya nsaluyo. Madzi akuda anatsikira m'manja mwa malaya awo.

"Mkamwana... galimoto?"

"Yapita folo koloko ya m'mawa. Nsalu iyi ikufunika Lachitatu ku Embangweni. Potozani."

"Nanga za ku Mzuzu zikabwera ziheni?"

"Mbwenu mudzawotcha ena. Si ndinu a Fayamani? Yayi, Adada, osati uko! Ine kumanja, inu kumanzere. Mukupotoza ngati simunachapepo."

Anali asanachapepo nsalu ya munthu wamkazi chibadwire, ndipo anthu odutsa m'njira ankatha kuwaona bwinobwino, mkulu wa mpingo wathunthu akufinya masiketi ndi mkamwana wake. Anapotoza kumanzere ndi mphamvu zawo zonse, madzi akuda n'kumagwera m'bafa. Nkhope yawo inanyowa mpaka kuchibwano. Moyo wawo wonse misozi ankainamizira utsi, koma tsiku limenelo ng'anjo inali yozima.